Nkhuku za Dazi

"Chigoba ichi chachokera kuti, NyaPhiri?"

NyaShaba anaima pakati pa bwalo atatukula chigoba cha dzira m'mwamba ngati agwira mfiti masana. Phulusa linali likadali m'zala zawo.

"Ndachifukula kuseri kwa khitchini yako. Umati phulusa lisunga chinsinsi? Yankha, ndikufunsa iwe!"

Linily, mpongozi wawo, amene pamudzi pano aliyense ankamuitana kuti NyaPhiri, anali pamkeka akusadzula nkhwani, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi ili patsogolo. Anamaliza kaye tsamba limene linali m'manja.

"Ndadya ndine, Amama. Ndawiritsa limodzi m'mawa."

"Wavomera! Zondwayo, tuluka udzamve wekha, mkazi wako wavomera!"

Zondwayo Moyo anatuluka m'nyumba chubu cha njinga chili m'manja. Anali mwamuna wofatsa, wolimbikira kumunda, koma pa mikangano ya amayi ake ndi mkazi wake ankakhala ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Zaka makumi atatu anali asanakwanitse, koma dazi linali litamudya kale mutu wonse.

"Kusikelo andiuza kuti magazi andichepera," anatero Linily. "Anamwino akuti ndizidya mazira, usipa, nyemba. Sindinabe kanthu, Amama. Nkhukuzo ndinagula ndekha nditagulitsa tomato wa kudimba."

"Anamwino! Anamwinowo abereka angati? Ine ndabereka asanu ndi awiri, ndipo dzira sindinalilawepo ndili ndi pakati. Masumbi, mazirawo, ndi a madoda, ndi a abambo. Mkazi wapakati akadya dzira, mwana amabadwa mutu uli mbee ngati dzira lomwelo. Ukufuna kundichititsa manyazi m'mudzi muno? Ngati sukhulupirira ine, funsa nkhuku zakozo. Dzuka, tiye ukaone!"

Pa nkhuku pokha, tinene zoona, NyaShaba anali ndi poloza. Khola linali kuseri kwa nkhokwe, lomangidwa ndi zigwagwa za ku Chikangawa, ndipo zimene zinali m'katimo zinali zomvetsa chisoni koma zoseketsa. Nkhuku zimene posachedwapa zinali zakuda bii, zonyezimira, tsopano makosi anali pamtunda, misana ili psuu, michira itatheratu. Nthenga zotsala zinali zouma, zothyokathyoka ngati tsache lakale. Kuikira nako zinali zitachepetsa.

"Ukuona? Chiyambire iwe kudya masumbi, nkhuku zavula. Chimene chachitika m'kholamu ndicho chikuchitika m'mimba mwakomo. Taona wanga uyo!"

Wawoyo anali Sajeni, tambala wofiira wa mchira wobiriwira wopindika ngati chikwakwa. Ankadutsa pabwalo monyang'wa, akuponda ngati nthaka ndi ya bambo ake. Iye m'khola sankagonamo. Ankagona m'khitchini mwa NyaShaba pa mtanda wakewake, ndipo anthu ankanena kuti mayiwo amacheza naye kuposa ana awo obala.

"Uyu dzanja lako silimukhudza, n'chifukwa chake ali bwinobwino."

Apa Linily akanangokhala chete, nkhani ikanathera pa chigoba. Koma mkamwa mukayabwa simusankha tsiku.

"Amama, mwati inu simunalawe dzira muli ndi pakati pa a Moyo?"

"Ngakhale kulinunkhiza!"

"Nanga..."

Sanamalize. Maso okha ndiwo anakwera pang'onopang'ono n'kukaima pamutu pa mwamuna wake, pamene dzuwa la m'mawa linali likusewera. Amayi awiri amene ankadutsa atasenza ndowa anaphulika kuseka mpaka madzi kuwatayikira kumsana. Zondwayo anadzigwira pamutu ngati pagwa chitosi. NyaShaba okha sanaseke.

"Mbwenu, basi, wakula. Wafika pondiseka pamaso pa anthu. Mwezi uno ukamatha, unyamule chikwama upite kwanu ku Santhe, akakulange amene anakubala. Mwanayo ukaberekere komweko, manyaziwo akaone ndi iwo. Ukadzaphunzira ulemu tidzakuitana, tikadzafuna."

"Amama, ndapota..." anayamba Zondwayo.

"Iwe khala chete. Pita ukamate chubu chakocho."

Ndipo anapitadi kukamata.

Linily anabwerera ku nkhwani wake. Kubwezedwa kwanu uli ndi pakati si ulendo wokacheza. Ena amene anapita motero sanabwereko, ndipo pamalo pawo panakhala ena. Iye mwamuna wake ankamukonda, ndi dazi lake lomwelo, ndipo sankafuna kuti mwana wake woyamba akabadwire kumene anthu azidzamuloza chala.

Loweruka kunafika Kezia, mlongo wake wa Zondwayo, amene amagulitsa m'sitolo ya mbewu ndi zakudya za ziweto ku Mzimba boma. Anatsika pa njinga yamoto yochokera ku Champhira akuseka kale, chifukwa nkhani ya m'mudzi imayenda popanda mafuta.

"Alamu, ndamva kuti mwameta nkhuku zonse pakhomo pano. Lumo munagula kuti? Mundimeteko inenso, tsitsi landikulira."

"Sekani, alamu. Ine ndikupita kwathu mwezi ukatha."

Kezia anaona kuti maso a mlamu wake ndi ofiira, ndipo phwete linamuthera. Anaika chikwama pakhonde n'kulunjika kukhola, Linily ndi Zondwayo ali pambuyo. Anasuzumira pa mpata wa zigwagwa kwa kanthawi. Thadzi lina linayandikira linzake mwaulemu ngati likufuna kupereka moni, kenaka linazula nthenga kumsana n'kuimeza.

"Mwaona? Yameza!"

"Zimatero tsiku lonse," anatero Linily.

"Achimwene, nkhukuzi munazitsekera liti?"

Zondwayo anatukumula chifuwa, chifukwa khola limeneli linali kunyada kwake.

"Mvula itangogwa, nyemba zitamera. Zinkandithera mbewu pamunda wa pakhomowu. Ndamanga ndekha, palibe anandigwirirako ngakhale msomali. Ndipo njala sizigona nayo yayi. Madeya m'mawa, madeya madzulo, mpaka kutsala."

"Madeya ndi chiyani china?"

"Ndi madzi."

Kezia anaomba m'manja n'kukhala pansi pa chitsa.

"Mayo ine! Mfiti tayipeza, alamu. Ndi iyi yaima apayi, ndi chubu chake."

"Ine? Ndalakwa chiyani?"

"Tamverani. Nkhuku ikamayenda yokha imadzipezera ndiwo. Chiswe, ziwala, nyongolotsi, mphutsi za kudzala. Inu mwazitsekera n'kumazipatsa nsima yosinkha tsiku ndi tsiku. Nthenga, achimwene, pafupifupi yonse ndi mapuloteni, zakudya zomanga thupi zija. Mapuloteniwo amalukidwa ndi tizidutswa tosiyanasiyana, timene timati ma amino asidi. Tina nkhuku imadzipangira yokha m'thupi, koma tina iyenera kutidya basi. Pali kena kotchedwa metiyonini, ndiko kamalimbitsa nthenga, ndi kanzake laisini. M'madeya timeneti n'tochepa kwambiri."

"Koma madeyawo zimadya ambiri chomene."

"Munalukapo mphasa inu? Bango likhale mulu kufika kudenga, chingwe chikatha mphasa yathera pomwepo. Nkhuku ikasowa kachidutswa kamodzi kokha, nthenga zimamera zofooka, zimathyoka, ndipo zothothoka sizibwerera msanga. Thupi limalakalaka, ndiye imayamba kuzula za inzake n'kumameza."

Linily ankamvetsera zonsezi, dzanja lili pamimba. Kenaka nkhope yake inawala.

"Ndiye n'chifukwa chake Sajeni... Madzulo aliwonse ndimaona Amama akumuthyolera mitu ya usipa. Nsinjiro zotsala mumtondo amakombera iye. Akapeza chiswe pa nkhuni amamuitana ndi dzina."

"Basi, ndi zimenezo! Soya wokazinga ali ndi laisini. Usipa ndi zotsala za mpendadzuwa akafinya mafuta zili ndi metiyonini. Tambala wa Amama amadya ngati bwana, anzakewa akudya ngati akaidi. Dikirani ndikawauze."

NyaShaba anali pakhonde akusenda nyemba. Anamvetsera mwana wawo mpaka kumapeto osamudula, zomwe zinali zachilendo.

"Wamaliza? Meti... ndani? Ndi mwana wa kwa yani ameneyo? Ndinakutumiza kusukulu kuti uzibwera ndi mayina achilendo kudzanditsutsa pakhomo panga? Mawu a akulu akoma akagonera. Mudzandikumbuka mwana akadzatuluka."

"Amama, ine ndimagulitsa zakudya za nkhuku tsiku lililonse."

"Ine nkhuku ndinayamba kuweta iwe usanabadwe, ndipo palibe imene inandipempha Metiyo wakoyo."

Pamenepo Linily anafika n'kugwada, movutikira chifukwa cha mimba.

"Amama, ndinalakwa kukusekani pagulu. Pepani. Koma ndili ndi pempho limodzi ndisanapite."

"Nena."

"Sajeni alowe m'khola, azidya madeya ngati anzake. Ine sindipondako phazi, azipereka chakudya ndi a Moyo. Ine munditulutsire thadzi lometeka kuposa onse. Ndizikhala nalo kukhitchini kwanga, ndizilinyamula ndi manja angawa, ndizilidyetsa zimene inu mumadyetsa Sajeni. Mazira ndipitiriza kudya, sindikubisirani, chifukwa ndikasiya mudzati nthenga zamera poti ndasiya. Mwezi ukatha, ngati Sajeni ali ndi mchira wake, thadzi likadali maliseche, chikwama ndinyamula ndekha. Simudzachita kundikumbutsa."

NyaShaba anayang'ana tambala wawo, kenaka anayang'ana kumpanda, kumene mitu ya anansi inali itayamba kale kuoneka. Kukana pamaso pa anthu kukanakhala kugonja nkhondo isanayambe.

"Wanga uyu ndi wa magazi abwino. Ngakhale mumudyetse mchenga, mchira wake sugwedezeka. Alowe!"

"Yewo, Amama."

Kezia ndiye anasankha thadzi. Anatulutsa lina limene linatsala ndi nthenga za m'mapiko zokha, n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Uyu dzina lake ndi Mkwatibwi. Diresi lake likusokedwa."

Sajeni analowa m'khola ngati mfumu yofika pa ufumu wake. Anakupiza mapiko, analira katatu, n'kuyamba kuyendera akazi ake atsopano. Koma akaziwo sankayang'ana nkhope yake. Onse maso anali kumchira. Kwa nkhuku zimene zatha milungu zikudya madeya okha, mchira umenewo unali phwando loyenda lokha.

Sipanapite masiku, nthenga zazitali zija zinayamba kusowa imodziimodzi. Sajeni anaphunzira kuyenda chammbali. Anaphunzira kudya akuzungulira, ndipo polira m'mawa ankayamba watsamiritsa kumbuyo kwake pangodya. Ana a sukulu anasintha njira kuti azidutsira kuseri kwa nkhokwe ya a Moyo, ndipo kuseka kwawo kunkamveka mpaka kuchitsime.

Linily naye sanagone. Mvula ikagwa masana ankapita kuchulu ndi beseni kukatola ngumbi, zina za iye, zina za Mkwatibwi. Anakazinga soya m'chiwaya n'kumusinja. Tsiku la msika ku Champhira anapempha mayi wogulitsa usipa kuti amukutumulire fumbi la pansi pa dengu, ndipo kuchigayo chofinya mafuta anatengako zotsala za mpendadzuwa. Zonsezi ankasakaniza ndi madeya omwe aja. Mkwatibwi anazolowera mpaka ankamutsatira kulikonse, kumtondo, kudzala, ngakhale kubafa.

M'mawa wina, sabata yachiwiri ikutha, Linily anakuwa.

"A Moyo! A Moyo, bwerani msanga!"

Zondwayo anathamanga kuchokera kumunda mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti mwana wabwera nthawi isanakwane. Anapeza mkazi wake atakhala pakhomo pa khitchini, thadzi lili pamiyendo. Pamsana pake ponse panali patatuluka timitu takuda tosongoka, ngati ndevu za mnyamata wongotha msinkhu.

"Zikumera!"

Zondwayo anagwira ndi chala, anagwiranso, kenaka anatukula khasu m'mwamba n'kuponda gule wa ingoma pomwepo, matope akuthovukira uku ndi uku. Linily anaseka mpaka anagwira m'chiuno, ndipo mwana m'mimba naye anaponda zake.

"Alamu ako sanatiuze za mutu wa munthu?" anafunsa Zondwayo akupuma mwawefuwefu. "Fumbi la usipalo undisungireko pang'ono."

Anali masiku okoma, koma sanali okoma monse. Chiyambire mpikisanowo NyaShaba anasiya kudya ndi mpongozi wawo. Mkeka wawo anausamutsira kukhonde la nyumba yawo, ndipo moni ankayankha ndi mphuno. Mazira ochepa amene ankapezeka m'khola Zondwayo ankawabweretsa m'thumba la buluku, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba, ndipo Linily ankadya yekha kuseri kwa chitseko. Zimenezi zinkamupweteka kuposa mawu onse aja. Ankamvanso chisoni ndi nkhuku zake zotsala m'khola, zimene zinkapitirira kuvutika kuti iye apambane mlandu.

Mwezi uli pafupi kutha, timitu tija tinali titatambasuka. Mkwatibwi anavala zakuda zonyezimira, zoti dzuwa likaomba zimaoneka zobiriwira, ndipo anayambanso kuikira. Sajeni ndiye anatsala ndi kachitsa kumbuyo, khosi lothothoka, lipombo litagwera mbali imodzi. Linily ananyamula thadzi lake n'kupita nalo kwa apongozi ake, mwamuna wake akutsatira.

"Amama, taonani."

NyaShaba anaona. Anaona bwinobwino, chifukwa maso awo analibe vuto. Koma munthu wamkulu akakwera mumtengo pamaso pa anthu, kutsika kumavuta.

"Zamera chifukwa latuluka m'khola. Khola lija unalidetsa kale ndi manja ako. Sajeni wanganso wadwalira khola lomwelo. Zonsezi zikungovomereza zimene ndinanena ine."

"Koma Amama, tinapangana..."

"Tinapangana kuti mwezi ukatha upita. Lolemba ukakwera galimoto ku Champhira."

Linily anayang'ana mwamuna wake. Zondwayo anayang'ana zala za kumapazi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali atanyowa kale mpaka m'mafupa. Madzulo amenewo Linily anapinda zitenje zake n'kuziika m'chikwama pamodzi ndi timalaya ta mwana timene anasoka. Sanalire mokweza. Chikwamacho anachiimika pakhonde kuti aliyense achione.

Lamulungu onse anapita kutchalitchi. Ulaliki usanayambe NyaShaba ananong'oneza mnzawo kuti mutu ukuwawawa, n'kutuluka. Patapita kanthawi Linily naye anamva chizungulire chifukwa cha kutentha, ndipo Zondwayo anamukweza panjinga kubwerera kunyumba. Pamudzi panali zii, anthu onse ali kumapemphero. Koma kuseri kwa nkhokwe kunali phokoso ngati kwalowa vumbwe.

Zondwayo anatola mpini n'kuthamangira kukhola. Atasuzumira, mpini unamugwa m'manja.

NyaShaba anali atagwada m'katimo, yunifolomu yoyera ya amayi a mpingo ili m'thupi, Sajeni atamupanira m'khwapa. Dzanja lina linali litamasula nsonga ya chitenje, mmene munali usipa wodzaza dzanja, ndipo ankamuika m'kamwa mmodzimmodzi. Matadzi onse anali atawazinga. Lina linali paphewa, lina likukoka duku, ena akulumphira dzanja la usipa, iwo akuingitsa ndi chigongono.

"Choka iwe! Si wako uyu! Mwamutha mwana wanga, afiti inu!"

"Amama, mukutani?" anafunsa Zondwayo.

NyaShaba anatembenuka. Kumbuyo kwa Zondwayo kunali Linily, atagwira chitseko cha khola.

"Ndimaona ngati madzi alimo."

Pomwepo thadzi lina linatsomphola nsonga ya chitenje, usipa wonse n'kumwazika pansi. Nkhuku zinaunjikana ngati ana pa maswiti, ndipo m'kuphethira kwa diso panalibe ngakhale kamutu.

"Madzi ake ndi amenewa, Amama?" anatero Zondwayo.

Mayi aja anaphulika, misozi ili m'maso.

"Nanga nditani? Taona mmene watheramu, Zondwayo! Mafupa okhaokha! Mchira uja uli kuti? Madeya, madeya, madeya, tsiku ndi tsiku, chamoyo chingakhale bwanji ndi madeya okha? Watsekeredwa muno, sangatuluke kukadzifunira. Ngakhale munthu amene..."

Anaima. Mawu anali atatuluka kale, ndipo anawamva okha ndi makutu awo.

"Malizani, Amama," anatero Linily mofatsa.

NyaShaba anakokera Sajeni pachifuwa n'kutembenukira kumbali.

"Ndimaliza ndine," anapitiriza Linily. "Tamverani. Mwamumvera chisoni tambala, ndipo mwachita bwino, chifukwa inenso ndimamumvera chisoni. Koma uyu ali m'mimbamu nayenso ali m'khola, Amama. Sangatuluke kukafukula chiswe. Amadya chimene ndadya ine. Miyezi yonseyi mazira amapita m'mbale ya abambo, usipa wabwino m'mbale ya abambo, ine nkhwani lero, mpiru mawa. Ndikaimirira maso amachita mdima. Sindinadye dzira kuti ndikunyozeni. Ndinachita mantha, Amama. Ndikufuna ndidzatuluke m'chipatala ndili moyo, mdzukulu wanu ali m'manja."

M'khola munangotsala phokoso la nkhuku zofukula pansi kufunafuna usipa wotsala. Zondwayo anatsokomola. Anatsegula pakamwa, anatseka, kenaka anatsegulanso, ndipo ulendo uno mawu anatuluka.

"Amama, mazira aja ndimadya ndine. Ndimadya iye akuyang'ana, osafunsa kuti wadya chiyani. Nkhukuzi ndazivula ndine ndi madeya anga. NyaPhiri sapita kulikonse mawa. Mukati apite ndithu, galimoto yomweyo ndikwera nawo."

Chibadwire anali asanayankhulepo mawu ambiri chotere kwa amayi ake, moti atamaliza anadabwa yekha, n'kuyang'ana kumbuyo ngati wayankhula ndi wina.

NyaShaba anadzuka, nadzikutumula nthenga pa yunifolomu. Anatuluka m'khola Sajeni ali m'khwapa, osayang'ana aliyense. Atafika pa nkhokwe anatembenuka.

"Chitsekocho usatseke. Zituluke zikadye ziwala. Nyemba zako zakula, sizingathe."

Analowa m'khitchini mwawo n'kutseka.

Nkhuku zinatuluka mothamangitsana, maliseche ali pamtunda, kulowera kudzala, kumunda, kuchulu. Anthu obwera kutchalitchi anazipeza zitabalalika mudzi wonse, ndipo panali kuseka koti ngakhale akulu a mpingo anagwira m'mimba. Kezia atamva pa foni anakuwa mpaka makasitomala anadzidzimuka, ndipo analonjeza kutumiza thumba la zakudya za nkhuku zosakaniza pa minibasi ya mawa lake. Zondwayo anakazinga soya yekha masana amenewo, n'kumupsereza theka.

Koma Linily mtima sunakhazikike. Chitseko cha apongozi chinali chotsekabe, ndipo chikwama chinali chikadali pakhonde. Iye ankadziwa kuti mawu a mwamuna wake angamusunge pakhomo, koma sangamupatse mtendere. Kukhala pabwalo limodzi ndi munthu wosakuyankhula n'chimodzimodzi kupita kwanu, kungoti ulibe amako pafupi.

Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka. NyaShaba anadutsa pabwalo atanyamula mkeka wawo ndi kambale kovindikira. Atafika pakhonde la Linily anaona chikwama chija.

"Ichi chikutani apa? Chikudikira mvula? Zondwayo, lowetsa m'nyumba!"

Anayala mkeka n'kukhala pansi.

"NyaPhiri, bwera ukhale apa."

Linily anakhala. Anansi anali atayamba kale kupeza zifukwa zodutsira pabwalopo, wina kudzabwereka sefa, wina kudzapala moto. NyaShaba anawaona onse ndipo sanawathamangitse. Anavundukula kambale. Munali mazira awiri owiritsa ndi kamchere pambali. Anatenga limodzi, analigogoda pa bondo, n'kuyamba kusenda.

"Usaganize kuti mantha andithera," anatero osadzutsa mutu. "Amayi anga anandiuza, nawonso anauzidwa ndi amayi awo. Zimenezi sizichoka m'mutu tsiku limodzi ngati nthenga za nkhuku. Mwina akulu ananena zoona, ine sindidziwa."

"Nanga akabadwa mutu uli mbee, Amama?"

NyaShaba anamaliza kusenda, anathira kamchere, n'kuika dziralo m'dzanja la mpongozi wawo. Anapinda zala za Linily ndi dzanja lawo kuti aligwire bwino.

"Ulusi ulipo ku Champhira, manja ndili nawo. Chipewa ndiluka ndine. Bola abwere wamoyo, iwenso ubwere. Idya, mwana wanga."

Linily analuma, misozi ikutsikira pa dzira. NyaShaba anatembenuzira nkhope kumbali kuti asaone, koma manja awo anali atayamba kale kusenda lachiwiri.